Kodi mtedza umadya chiyani?

Mwezi wa Okutobala ukafika, pakhomo pa mlimi wa ku Mchinji, Kasungu kapena Dowa pamachitika kagawidwe kamene kamandidabwitsa chaka ndi chaka. Thumba la feteleza, ngati lapezeka, ndi la chimanga. Ndowe za m'khola, ngati khola lilipo, zimapita kudimba kwa tomato ndi mpiru, apo ayi ku nazale ya fodya. Mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimapatsidwa chigawo cha munda chimene chimanga chinakana chaka chatha, ndipo zimabzalidwa popanda kuthirako kalikonse. Mukafunsa, yankho silichedwa: "Mtedza sufuna feteleza, umadzidyetsa wokha."

Ine ndimafuna kuwakhulupirira mawu amenewa, chifukwa owanena ndi anthu amene akulira pa khasu. Koma ngati umadzidyetsadi wokha, bwanji mlimi wamba amakolola tani imodzi pa hekitala, nthawi zina osaifikira n'komwe, pamene mbewu yomweyo ya CG7 ikasamalidwa kumalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze imadutsa matani awiri? Kwa soya nkhani yake ndi yomweyo. Zina zimatayika chifukwa chobzala mochedwa, kutalikitsa mapando ndi matenda, zimenezo n'zomveka. Nanga zotsalazo zili kuti?

Alangizi akakuzulirani tsinde la soya amene wayamba maluwa, amakuonetsani timatuza tomera pa mizu. Mukatiphwanya ndi chikhadabo, tamoyo timakhala tofiirira m'kati. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa rhizobia, timene timatenga nayitrojeni mumpweya n'kuipatsa mbewu, mbewuyo n'kumatibwezera shuga. Mpweya tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni. Apa ndi pamene pagona mawu a alimi aja, ndipo mpaka pamenepa akunena zoona. Chimene chimandiimika mutu n'choti nayitrojeni wa mu yureya amachokeranso mumpweya womwewo. Fritz Haber anaonetsa njira yake ku Germany mu 1909, Carl Bosch anaimangira fakitale mu 1913, ndipo kufikira lero mafakitale amatentha gasi wochuluka kuti akoke nayitrojeni mumlengalenga. Akatero amamuika m'matumba, matumbawo akwere sitima mpaka ku Beira kapena Nacala, kenako malole mpaka kwathu kuno. Ndiye kuti chinthu chimene timagula ndi ndalama zakunja, chimene thumba lake linadutsa K100,000, chili pamwamba pa munda wa aliyense, ndipo zilipo mbewu zodziwa kuchitsitsa. Bwanji mbewu zimenezo ndi zomwe timazipatsa malo ochepa, pa nthaka yoguga kuposa ponse?

Komatu mumpweya mulibe fosifolasi. Fosifolasi, potaziyamu, kashiyamu ndi salufa mbewu imazipeza m'nthaka, ndipo timatuza tija sitigwira ntchito bwino fosifolasi akasowa. Pulojekiti ya N2Africa, imene inayamba mu 2009 motsogozedwa ndi sukulu ya ukachenjede ya Wageningen, inayesa zimenezi m'minda ya alimi eniake m'Malawi ndi m'maiko ena a mu Africa. Soya wopakidwa inokyulanti, yemwe ndi tizilombo tija toikidwa m'kapaketi, ndi kuthiridwa feteleza wa fosifolasi, amabereka kuposa wobzalidwa chabe. Koma panali minda ina imene sinasinthe n'komwe, ngakhale anaithira zonse ziwiri. Minda imeneyi ndi imene ndimaiganizira kwambiri. Mwini wake wagula zimene anauzidwa, wathira pa nthawi yake, ndipo nthaka sinayankhe. Ofufuza ku Murewa m'dziko la Zimbabwe anapeza kuti minda yamchenga yakutali ndi nyumba, imene sinalaweko manyowa kwa zaka zambiri, imayamba kumva feteleza pokhapokha itathiridwa manyowa ochuluka kwa zaka zingapo. Kodi pa munda wotere tinene kuti feteleza walephera, kapena manyowa ndiwo anachedwa kufika?

Mtedza uli ndi khalidwe linanso lachilendo. Duwa likapanga zake pamwamba, kamchira kamalowa pansi, ndipo khoko limene likukula m'dothi limayamwa lokha kashiyamu kuchokera ku dothi loligunda. Mizu siilitumizira wokwanira. Kashiyamu akasowa pamenepo, kapena dothi likauma kotero kuti sangasungunuke, mumakumba mtedza wa masamba obiriwira bwino koma makoko ake ali mphwephwa, opanda kanthu m'kati. Mankhwala ake ndi gypsum wothira mtedza ukamachita maluwa, amene amapereka kashiyamu ndi salufa pamodzi. Gypsum ndi mwala wokumbidwa pansi n'kuperedwa. Laimu nayenso ndi mwala. Ndiye pa mkangano wa za chilengedwe ndi za m'fakitale, miyala imeneyi ili mbali iti? Ndafunsapo anthu a mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense amaiwerengera kwake.

Funso limene limandibwerera kwambiri ndi la mafuta. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, mpendadzuwa pafupifupi magawo 40 pa 100, soya gawo limodzi mwa magawo asanu. Mafuta amenewa mbewu imawapanga ndi mpweya ndi madzi, dzuwa likuwala. M'botolo la mafuta ophikira mulibe chonde cha m'munda wa munthu. Nayitrojeni, fosifolasi ndi salufa zonse zimene njere inasunga zimatsalira mu keke wotsala akafinya, amene mafakitale a ku Kanengo ndi ku Blantyre amagulitsa kwa opanga chakudya cha nkhuku. Nkhukuzo zili m'makola akuluakulu m'mphepete mwa matawuni, ndipo zitosi zake zimathera m'madimba ndi pa kapinga wa kufupi ndi komweko. Soya wina amatuluka m'dziko osafinyidwa n'komwe. Choncho fosifolasi wa m'munda wa mayi wa ku Mkanda amakwera lole ya mavenda mwezi wa Meyi, ndipo palibe lole imene imamubweza. Chaka chamawa mayi yemweyo akauzidwa pa wailesi kuti athire manyowa, akawatenge kuti, poti manyowa a soya wake ali ku Lilongwe? Ndikaona gulu la alimi limene lagula makina aang'ono ofinyira mafuta, anthu amayamikira ndalama za mafutawo. Ine chimene chimandisangalatsa ndi keke wotsala pamudzi, wodyedwa ndi nkhuku ndi nkhumba za pamudzi pomwepo.

Ngakhale zotsala m'munda sitizisiya. Soya timamuzula ndi mizu yomwe, kukamupunthira pabwalo, zinyalala zake n'kuziyatsa. Masangwi a mtedza, amene ali ndi nayitrojeni wambiri kuposa mapesi, amapsa pamodzi ndi tchire anyamata akamasaka mbewa. Moto umauluza nayitrojeni ndi salufa, kusiya phulusa lokha. Kenako timayembekeza kuti chimanga cha chaka chamawa chipindula ndi kasinthasintha. Chipindula ndi chiyani?

Tsopano za manyowa. Ndimawakonda, ndipo ndimakhulupirira zimene amachita, koma ndikawerengera ndimakakamira panjira. Thumba la yureya la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Ndowe za m'khola la kumudzi, zimene zakhala padzuwa ndi pamvula n'kusakanikirana ndi dothi, kawirikawiri zimakhala ndi kilogalamu imodzi ya nayitrojeni pa makilogalamu 100 alionse, mwinanso kucheperapo. Kuti mufanane ndi thumba limodzi lija mufunika matani oposa awiri, ndipo nayitrojeni wakeyo satuluka yense chaka choyamba. Mabanja ambiri m'dziko muno alibe ng'ombe. Ali ndi mbuzi ziwiri zitatu ndi nkhuku zogona m'khitchini. Komanso ng'ombe sipanga chonde. Imadya udzu wa kudambo usana wonse, madzulo n'kudzasiya chonde cha dambolo m'khola la mwini wake. Munda wa mwini ng'ombe ukulemera ndi chuma cha malo a mudzi wonse. Zikanakhala kuti banja lililonse lili ndi khola lodzaza, dambo lomwelo likanawakwanira?

Alangizi amaphunzitsa manyowa a chimato, a changu ndi a m'dzenje, opangidwa ndi mapesi, udzu, masamba ndi ndowe pang'ono. Ndi ntchito yabwino, ngakhale imafuna madzi ambiri m'miyezi imene zitsime zikuphwa, ndipo osenza madziwo pamutu ndi amayi ndi atsikana. Koma taonani apa. Munda ukakhala wosowa fosifolasi, mapesi ake amakhalanso osowa fosifolasi, ndipo manyowa opangidwa ndi mapesiwo sangakhale ndi chimene mapesi analibe. Munda ungadzipatse bwanji wokha chinthu chimene ulibe? Penapake china chake chiyenera kuchokera kunja kwa malire a munda, kaya m'thumba, kaya pa ngolo.

Kumbali inayi ndimamva mawu akuti feteleza amawononga nthaka. Akuluakulu amati nthaka yazolowera feteleza, masiku ano siibereka popanda iye, pamene kale makolo ankakolola osathira kanthu. Mbali ina ndi yoona. Yureya ndi feteleza wina wa amoniya akathiridwa zaka zambiri popanda laimu amawawasitsa nthaka, ndipo nthaka yowawasa, makamaka katondo wofiira, imamanga fosifolasi kuti mizu isamupeze. Tizilombo ta m'timatuza natonso sitikonda nthaka yotere. Koma kale lija makolo ankagoneka munda zaka zingapo n'kukatsegula mphanje kwina. Lero munda womwewo ukulimidwa chaka chilichonse, zokolola zikutuluka, zinyalala zikupsa. Kodi chagugitsa nthaka ndi thumba limene tinathira, kapena zonse zimene tinachotsa osabwezera?

Ku Rothamsted ku England kuli munda wotchedwa Broadbalk umene John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anayamba kuyeserapo tirigu mu 1843, ndipo ukulimidwabe mpaka pano. Zigawo zina zimalandira feteleza yekha, zina manyowa a m'khola matani 35 pa hekitala chaka chilichonse, zina sizilandira kanthu. Patatha zaka zoposa 180, zigawo za feteleza sizinafe. Zimabereka mofanana ndi za manyowa, ngakhale kuti zinafunika laimu kuti zisawawase. Koma dothi la zigawo za manyowa lili ndi zowolerana zochuluka kuposa kawiri, ndi lofewa, lili ndi nyongolotsi zambiri, ndipo zokolola zapamwamba zedi zimachokera pamene manyowa aphatikizidwa ndi nayitrojeni wa m'thumba. Ameneyo ndi tirigu, m'dziko lozizira. Kuno kotentha zowolerana zimatha msanga. Ku Kabete ku Kenya, kumene anayamba kuyesa chimanga ndi nyemba mu 1976, zowolerana m'nthaka zinatsika m'zigawo zonse, koma zinatsika pang'ono pamene anaphatikiza manyowa, feteleza ndi kubwezera mapesi. Ndikawerenga zimenezi ndimadabwa kuti mkanganowu ukadalipo bwanji. Feteleza ndi ufa, manyowa ndi mphika wophikiramo. Ndani anauzidwapo kuti asankhe chimodzi mwa ziwirizi kuti adye nsima?

Ndipo zonsezi tikukamba munda wodalira mvula, umene mwini wake alibe mpope woti atsegule. Apa ndi pamene mtima wanga umapendekera ku manyowa. Feteleza sagwira ntchito m'dothi louma. Yureya wothiridwa pamwamba, ng'amba n'kugwa, amauluka ngati mpweya wa amoniya. Mvula ikabwera yamkuntho pa nthaka yamchenga, nayitrojeni amatsika kupitirira mizu. Mlimi wothira feteleza mu Disembala akuika ndalama zake pa mvula ya Januwale ndi Febuluwale imene palibe angamulonjeze. Chaka cha 2024, El Niño atadula mvula, boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo feteleza wambiri wogulidwa movutikira anathera m'minda youma. Dothi lokhala ndi zowolerana limamwa madzi m'malo mowathamangitsa, limasunga chinyezi masiku angapo owonjezera, ndipo masiku angapo amenewo akagwera nthawi imene mtedza ukukhwimitsa njere, ndiwo amasiyanitsa chokolola ndi mphwephwa. Palinso nkhani ya chuku. Mtedza ukauma ndi ludzu m'masabata omaliza usanakumbidwe, nkhungu yobweretsa poizoni wa aflatoxin imalowa m'makoko mosavuta, ndipo poizoni ameneyu ndi amene wakhala akutsekera mtedza wathu misika ya ku Ulaya, kuphatikiza pa kuwononga chiwindi cha ana athu odya nsinjiro. Kodi chinyezi chimene manyowa amasunga tinachiwerengerapo mtengo wake, kapena timangowerenga matumba?

Ku Anantapur, m'chigawo cha Andhra Pradesh ku India, kumene mvula ndi yochepa kuposa ya ku Kasungu ndipo alimi amadalira mtedza wa mvula, ofufuza anayesa kwa zaka 20 njira zosiyanasiyana zodyetsera nthaka. Njira imodzi imene inachita bwino, pa zokolola ndi pa zowolerana za m'nthaka, inali yothira theka la feteleza wovomerezeka pamodzi ndi makoko a mtedza. Makoko enieniwa, amene kwathu kuno amaunjikana pamene mavenda akusendera, ena n'kusonkhera moto, ena n'kungowola pamsewu. Bwanji ngolo imene yapititsa mtedza kumsika imabwerera yopanda kanthu?

Mpendadzuwa tisamausokoneze ndi anzake. Ulibe timatuza, sutenga nayitrojeni mumpweya, ndipo mizu yake yozama imayamwa kwambiri. Kuubzala pa nthaka yoguga popanda kanthu ndi kuumaliza mundawo. Komanso ukauchulukitsira nayitrojeni, mafuta m'njere amachepa. Umafuna muyeso, ndipo umakula bwino potsatira mtedza kapena soya. Nanga bwanji timauika m'gulu limodzi la mbewu zosafuna feteleza?

Dziko la Sri Lanka linayesapo kusankha mbali imodzi. Mu Epulo 2021 boma la Gotabaya Rajapaksa linaletsa kuitanitsa feteleza wa m'fakitale kuti dziko lonse lilime ndi manyowa. Pofika Novembala chaka chomwecho lamulolo linayamba kubwezedwa, koma zokolola za mpunga zinagwabe. Alimi a kwathu sanadikire lamulo la wina aliyense. Feteleza atakwera mtengo, anayamba kupanga Mbeya: feteleza pang'ono, gaga, phulusa, ndowe kapena zitosi ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu. Ambiri amati amawathandiza, ndipo n'zomveka, chifukwa ndi kuphatikiza kuja kumene ofufuza a ku Kabete ndi ku Anantapur anapeza. Koma ndili ndi mafunso awiri aang'ono. Makilogalamu 10 a feteleza akasakanizidwa mpaka kudzaza thumba la makilogalamu 50, kodi thumbalo lafanana mphamvu ndi la kusitolo, monga ena amanenera? Gaga ndi ndowe zawonjezerapo, koma sizingafikepo. Ndipo fungo lolasa m'mphuno lija mukamasula thumba, si amoniya kodi, nayitrojeni amene phulusa lamasula, akubwerera kumwamba kumene anachokera? Mlimi akuyenera kuuzidwa zimenezi momveka, kuti adziwe muyeso woyenera wa phulusa ndi kuchuluka kwa Mbeya wofunika pa ekala, m'malo mongomuombera m'manja.

Zilipo njira zina zotsitsira nayitrojeni zimene sizidikira ng'ombe. Alimi a ku Ekwendeni akhala akubzala mtedza pamodzi ndi nandolo m'munda umodzi kuyambira cha m'ma 2000. Mtedza ukakumbidwa nandolo amapitiriza kukula n'kumagwetsa masamba mpaka chilimwe. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mbewu za pansi pake n'kumasangalala. Ku Makoka ku Zomba ofufuza anaonetsa kalekale zimene mtengo wa gliricidia umachita pa chimanga. Zonsezi zimabweretsa nayitrojeni ndi zowolerana, koma fosifolasi wotuluka ndi lole ya mavenda uja sizingamubweze.

Apa ndi pamene ndimafika pa sitolo. Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi, kufikira pulogalamu ya AIP imene inayamba mu 2020 ndi thumba la K4,495 lomwe pofika 2022 linali K15,000, feteleza wotsika mtengo wakhala makamaka wa mitundu iwiri, wokulitsa ndi wobereketsa, ndipo onse ndi opangidwira chimanga. Wokulitsa wakale uja amene alimi ankamutcha Chitowe, 23:21:0+4S, anali ndi fosifolasi wochuluka kuposa 23:10:5+6S+1.0Zn amene analowa m'malo mwake. Zaka zina makuponi ankapereka mbewu ya mtedza ndi soya, koma popanda chodyetsera mbewuyo. Mlimi amene wamva zonse tafotokozazi, n'kutsimikiza mtima kuti chaka chino mtedza wake audyetsa, akapita pa sitolo ya pa trading centre apeza NPK, yureya, mwina CAN. Akafunsa feteleza wa fosifolasi yekha, gypsum kapena laimu wa m'paketi ya makilogalamu 5 kapena 10 yoti akwanitse kugula ndi kunyamula pa njinga, kawirikawiri amauzidwa kuti akayese ku Lilongwe. Inokyulanti wa Nitrofix amapangidwa m'dziko momwe muno, ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi thumba la feteleza, koma ndi chinthu chamoyo chosafuna kutentha, ndipo si sitolo iliyonse imene imamusunga bwino.

Atsogoleri a mu Africa anakumana ku Abuja mu 2006 n'kugwirizana zokweza feteleza kufika makilogalamu 50 pa hekitala. Atakumananso ku Nairobi mu Meyi 2024, dzina la msonkhano linali litawonjezera thanzi la nthaka pambali pa feteleza. Ndinakondwa kumva zimenezo. Koma mayi wa ku Mkanda uja akadali ndi funso lake losavuta: pa ekala yanga iyi, yamchenga kumtunda, ya katondo kumunsi, chikusowa n'chiyani? Malo oyezera dothi alipo ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Lunyangwa. Kodi chingavute n'chiyani kuti mlangizi, pobwera kudzalemba maina a olandira feteleza, abwerenso ndi timatumba totengera dothi la m'munda uliwonse, zotsatira zake n'kufika mvula yoyamba isanagwe?